Nyimbo Imene Bambo Sankatchula Kwawo

Bambo anga anali ndi chizolowezi chimene chinkatitopetsa tonse m'nyumba. Asanaike chitoliro pakamwa, ankayamba anena kumene nyimboyo inachokera. Ukawapempha kanyimbo kamodzi, unkadziwiratu kuti uyamba wamva mbiri. "Iyi ndi ya oweta ng'ombe kwathu ku Dowa, ankaitanira nayo ng'ombe kudambo." Kapena, "Iyi anabwera nayo amalume kuchokera ku Joni, pamodzi ndi kachitoliro kachitsulo ndi chifuwa chimene chinawapha." Kapenanso, "Iyi ndi ya pamtondo, amayi anga ankasinjira, ine ndinangoichotsa mawu." Amayi adakali moyo ankati, "Lizani basi inu, ndiwo zikupserera," koma Bambo osatekeseka, mbiri ithe kaye.

Tinkakhala ku Kawale, m'nyumba imene Bambo anapeza adakali mesenjala mu ofesi ina m'tauni, ndipo ine ndikukhalabe momwemo. Zitoliro ankapanga okha. Nsungwi ankaitanitsa kumudzi, n'kuziyanika padenga, n'kudula pamfundo, n'kuboola ndi msomali wotenthetsa pa mbaula. Nsungwi zitayamba kusowa anayesa paipi yapulasitiki yodutsitsamo mawaya a magetsi, koma ankadandaula kuti imalira ngati munthu wachimfine.

Panali nyimbo imodzi yokha imene sankatchula kwawo. Inkayambira pamwamba kwambiri, ngati munthu akuitana mnzake kutsidya kwa mtsinje, n'kumatsika pang'onopang'ono, n'kuima, kenako n'kubwera mawu atatu apansi oyankha. Ankailiza mwa apo ndi apo, makamaka anthu akangomaliza kukolola, ali okha kuseri kwa bafa atayang'ana kumpanda. Ine ndimasoka zovala, makina anga amakhala pakhonde, ndipo ndinkachotsa phazi pa makina kuti ndimvetsere. Ndinawafunsapo kawiri kuti nanga iyo kwawo n'kuti. Koyamba anatsokomola. Kachiwiri anati, "Iwe, ulusi wako wagwera pansi uko."

Munthu amene amakufotokozera mbiri ya nyimbo iliyonse usanafunse n'komwe, akakhala chete pa imodzi, mtima sungakhale m'malo. Ndinena zoona, kwa zaka zambiri ndinkaganiza za mkazi. Ndinkakhulupirira kuti kumudzi kunali kamkazi kena Amayi asanabwere, ndipo ndinkadana nako kwambiri ngakhale sindinakaonepo.

Chaka chimene Bambo anayamba kutupa miyendo, kuchipatala anatiuza kuti mtima wawo watopa. Sanathenso kuyenda mpaka kutchalitchi, choncho a mlaga wathu, mabanja a mpingo amene timakhala dera limodzi, anayamba kudzachitira mapemphero a mkati mwa sabata pakhomo pathu. Bambo ankasangalala nazo zimenezi. Anali atapemphera mu mpingo umenewu kuyambira ali mnyamata, anakhalapo mkulu wa mpingo, ndipo khadi lawo la Mgonero linalibe pophonya.

Tsiku lina titatseka ndi pemphero, mayi wina anati, "Agogo, tilizireniko kamodzi tisanabalalike." Bambo analiza nyimbo ya m'buku, atayamba anena kuti inabwera ndi azungu a mishoni. Atamaliza sanachotse chitoliro pakamwa. Anatseka maso n'kulowa mu ija ya kuseri kwa bafa, osanena liwu ndi limodzi lomwe.

Ine ndinali pachitseko ndi jagi ya thobwa, ndipo popeza anthu anali atakhala pansi ndi pamabenchi, maso anga anagwera pamapazi. Panali mkulu wa mpingo wina wokhala kumtunda kwathu, amene amagulitsa matabwa ku Chinsapo. Chidendene chake chinayamba kugunda pansi. Sichinkagunda pamene ife tikanaombera m'manja ayi, chinkagunda pamene chitoliro chaima, ndendende asanabwere mawu atatu aja. Chinagunda katatu kapena kanayi, kenako mwiniwake anagwira bondo lake ndi dzanja ngati akupanikiza nkhuku yofuna kuthawa. Thobwa sanamwe tsiku limenelo.

Sabata isanathe kunabwera kalata. Bambo akaonekere ku seshoni, bwalo la akulu a mpingo, chifukwa analiza nyimbo ya kudambwe pa mapemphero. Wodandaula anali wa matabwa uja.

Mpingo wathu suseka ndi za gule wamkulu. Munthu akapezeka kuti wakhudzana nazo amadulidwa, sadya Mgonero, ndipo amayambanso kalasi kwa miyezi yambiri asanabwezeretsedwe. Bambo analibe miyezi yambiri, zimenezo tonse tinkaziona pamiyendo pawo. Wodulidwa akamwalira kwaya sibwera, abusa savala mkanjo, amayi a yunifolomu amafika ndi zitenje wamba n'kukhala kumbuyo. Ndinaonapo maliro otero ku Biwi, bokosi likutuluka m'nyumba kuli zii ngati akutulutsa kabati. Nditawerenga kalatayo ndinalumbira chamumtima kuti Bambo anga sadzatuluka choncho.

Ndinawapeza atakhala pampando wawo wandalema, miyendo ataisanjika pa ndowa yovundikira.

"Bambo, ndiuzeni ine ndekha. Nyimbo ija ndi ya kuti?"

"Ndikayankha komweko."

"Komweko akakudulani. Kodi munagula njira inu?"

Ndinafunsa mosapsatira choncho, kuti kodi analowa gule. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wamkazi safunsa bambo wake zimenezo." Sanati iyayi. Ndinabwerera pa makina, koma tsiku limenelo ndinasoka mkono wa diresi ya kasitomala chadodolido.

Kuyambira pamenepo chilichonse chinayamba kunditokosa. Ndinakumbukira kuti tili ana sankatilola kupita kumudzi nthawi ya pambuyo pokolola, pamene ng'oma zimachuluka. Ndinakumbukiranso kuti zilombo za gule zikamadutsa mumsewu wathu popita kumaliro, ife tinkathawira kuchipinda, koma Bambo ankaima pawindo kuseri kwa katani mpaka phokoso litazilala. Kale ndinkati akuyang'anira mpanda. Tsopano ndinayamba kuona zina. Tsiku lina ali kubafa ndinatsegula sutikesi yawo yachitsulo n'kufwifwinya mpaka pansi. Sindikudziwa kuti ndinkafuna kupezamo chiyani, nthenga kapena sanza. Ndinapezamo mataye atatu, khadi la ubatizo lothetheka m'mbali, ndi chithunzi cha Amayi. Manyazi anandigwira, koma kukayika sikunachoke.

Sindinakayikire Bambo okha. Mayi amene anapempha nyimbo uja ndinasiya kumupatsa moni wabwino, ndimati anachita kutumidwa. Wa matabwa ndiye ndinkadziwa chimene chinkamudya. Bambo ali mkulu wa mpingo anadzudzulapo mwana wake pa nkhani ya mimba, ndipo anthu ena amasunga chinthu mumtima mpaka imvi. Koma chidendene chija sichinkandichoka m'maso. Munthu wongofuna kubwezera sagunda phazi pamalo oyenera.

Moyang'anana ndi nyumba yathu munkakhala aphunzitsi opuma ntchito, a ku Rumphi, amene analinso mlembi wa seshoni. Anali mnzawo wa Bambo. Ankadziwa kulemba nyimbo m'zilembo za do re mi, ndipo anali ndi kope limene analembamo nyimbo za Bambo pafupifupi zonse, iliyonse ndi kwawo kwake pamwamba. Ndinapita kwa iwo m'mawa akuthirira mpiru.

Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Mama, kwathu nyimbo zambiri za m'buku zinali za ingoma, zina za nkhondo, zina za ukwati. Agogo athu anangozisintha mawu n'kulowa nazo m'tchalitchi, ndipo palibe amene anadulidwa."

"Ndiyetu kaneneni kuti iyinso ndi ya kwanu."

Anandiuza kuti ndiing'ung'udze. Ndinaing'ung'udza, iwo akulemba kuseri kwa envelopu. Anatenga mabuku awo awiri a nyimbo za Chitumbuka, n'kuvala magalasi, n'kumatsegula masamba akunyowetsa chala. Ine ndinaima pamenepo mpaka dzuwa linafika pamutu. Pomaliza anapukusa mutu.

"Iyi si ya kwathu, mama. Ndipo mu seshoni muli akwathu ena awiri. Ndikanama adziwa ndisanatseke pakamwa."

"Ndiye mnzanu aikidwe ngati galu?"

"Sindinatero."

Ndinachoka osatsazika. Ndili pamsewu ndinayamba kudzifunsa kuti kodi kope lija ankalembera chiyani zaka zonsezi, ndipo bwanji wa matabwa anawapatsa matabwa a khola la nkhuku chaka chathachi. Umu ndi mmene ndinalili masiku amenewo. Ngakhale wondigulitsa tomato akandimwetulira ndinkati wamva kanthu.

Seshoni inakumana Loweruka m'mawa, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Ndinaitana kabaza wa njinga yamoto, ndinawakweza Bambo pakati, ine kumbuyo nditawagwira. Nsapato sizinkalowa, anavala masilipasi ndi suti. Tili panjira ndinawanong'oneza kuti, "Muyankhe zokhazo zimene afunsa, mbiri zanu zija musiye kunyumba." Tinafika akulu atakhala kale. Abusa anandilola kukhala pabenchi pafupi ndi chitseko, poti odwala angafune madzi.

Wa matabwa anaimirira n'kumanga batani la jekete. Analankhula bwino, ndisaname. Anati zimamupweteka kuneneza munthu wamkulu, koma nyumba ya Mulungu ndi nyumba ya Mulungu, ndipo nyimbo imene inalizidwa pa mlaga ndi ya amuna a kudambwe, alibe nayo chikayiko.

Abusa anatembenukira kwa Bambo. "Abambo, mwamva. Mukuti bwanji?"

"Abusa, ine kudambwe sindinapondeko. Ndinabatizidwa ndili mnyamata, ndipo njira sindinagule."

Ndinapuma. Koma abusa anapitiriza. "Nanga nyimboyi munaitenga kuti?"

Ndinaona Bambo akukonza pakhosi, monga ankachitira akafuna kuyamba mbiri. Ndinaidziwa nkhope imeneyo. Ndinatsokomola mwamphamvu, kawiri, mpaka akulu ena anacheuka. Bambo anandiyang'ana. Ndipo mu kamphindi kameneko aphunzitsi anakweza bolopeni yawo.

"Pepani abusa, ine ndikulemba, ndiye ndasochera pang'ono. Ife akumpoto zinthu izi sitizidziwa. Chitoliro chilibe mawu. Kuti ndilembe m'buku la mpingo kuti nyimboyi ndi ya kudambwe, ndikupempha akulu amene anaizindikira atiuze mawu ake, ndi kumene anaimva. Ndilemba mmene anenere."

Analankhula mofatsa, maso ali papepala. Ife a chigawo chapakati tonse tinadziwa nthawi yomweyo chimene chachitika. Wa matabwa akanena mawuwo, ndiye kuti iye mwini, mkulu wa mpingo, analowako. Komanso ndiye kuti waulula za kudambwe pagulu, pamaso pa mkazi, pamene shedi yake ya matabwa ili ku Chinsapo kumene eni ake a gule amadutsa masanasana. Akati mawu sakuwadziwa, ndiye wazindikira bwanji nyimbo? Ndinamuona akumasula batani lija n'kulimanganso. Thukuta linatsikira mu kolala.

"Mwina makutu anandinamiza," anatero. "Nyimbo zimafanana."

Abusa anadikira pang'ono ngati pali wina woonjezera. Panalibe. Anati nkhani yatha, tisamathamangire kunenezana, ndipo anatseka ndi pemphero lalitali. Funso lawo lija sanalibwerezenso. Mpaka lero sindidziwa ngati aphunzitsi anafunsa mosadziwa kapena anagona akulikonza funsolo. Nditapita kukathokoza anangoti, "Ine ndimafuna maminitsi olongosoka, mama," n'kupitiriza kuthirira mpiru wawo.

Kunyumba ndinapha nkhuku. Ndinkaimba ndikuisosola, ndinauza ndi oyandikana nawo omwe kuti amiseche achita manyazi. Bambo anangolawa msuzi n'kukankha mbale. Dzuwa litapendeka anandiitana kuseri kwa bafa, kumene anali atakokera mpando wawo okha, chitoliro chili pamiyendo.

"Khala pansi," anatero. Ndinakhala pa mwala wochapirapo.

"Iyi," anayamba monga ankayambira nyimbo zonse, "ndi ya pamaliro a bambo anga."

Anandiuza kuti agogo anga aamuna, amene ine sindinawaone, anali munthu wamkulu ku gule. Pamene ankamwalira, Bambo anali atangobatizidwa kumene, akugwira ntchito m'tauni muno. Uthenga utafika anapita kukatsazika kwa akulu a mpingo a nthawi imeneyo, ndipo anauzidwa kuti maliro amenewo ndi a zilombo, akakangopondapo adulidwa. Anakwerabe basi. Anatsika pa siteji, anayenda ndi kachikwama kawo mpaka pa chulu pamene njira imakhotera kumudzi, n'kuima pamenepo. Mudzi unkaoneka, manda ankaonekanso cha uko. Anamva amuna akutuluka ndi maliro akuimba. Mmodzi ankaitana pamwamba, enawo n'kuyankha pansi. Mphepo inkabweretsa nyimbo koma mawu sankafika.

"Ndinaima mpaka inatha. Kenako ndinabwerera ku siteji. Dothi sindinaponye. Mwana wamwamuna ndinali ndekha."

Kamkazi kanga ka kumudzi kaja, nthenga zimene ndinkafuna m'sutikesi, zonse zinandibwerera kumaso. Ndinalira, ndipo china chinkandiliza chinali manyazi.

"Mawu ake sindiwadziwa," anatero Bambo. "Wa matabwa uja akuwadziwa. Sananame ayi. Ine ndimati ndiwauze abusa muja, koma iwe unatsokomola. Mawa undiitanire kabaza, ndikamalize kuyankha."

Misozi inauma nthawi yomweyo. Ndinawauza kuti sanalakwe kanthu, kuti kuima pa chulu si kulowa gule. Iwo anati zimenezo akaweruze ndi abusa, osati ine. Ndinawauza kuti akangovomera kuti nyimboyo ndi ya kumeneko, wa matabwa adzuka nayenso, ndipo sipadzakhalanso funso la aphunzitsi lowapulumutsa. Iwo anati munthu wanenedwa wabodza pamaso pa anzake chifukwa cha iwo, ndipo sangadye Mgonero ndi chinthu chimenecho pakhosi. Ndinapsa mtima. Ndinati, "Maliro amodzi munawaonera patali. Anunso mukufuna anthu awaonere patali? Ine ayi."

Kabaza sindinaitane. Apa ndi pamene ndimafuna kulumpha ndikamafotokoza nkhaniyi, koma ndinena. Bambo sakanatha kufika ndi pamsewu pomwe okha, ndipo ine ndinagwiritsa ntchito miyendo yawo yotupayo. Akafunsa ndinkati mawa. Akafunsanso ndinkati kabaza wathu wapita kumudzi, enawa amathamanga. Atandipatsa kakalata koti ndikapereke kwa abusa, ndinakaika m'kabati ya makina pansi pa mabobini. Aphunzitsi akabwera kudzacheza ndinkabweretsa zosoka zanga n'kukhala pakati pawo. Abusa atabwera kudzawadyetsa Mgonero kunyumba, sindinatuluke m'chipindamo ngakhale madzi anali kuwira pa mbaula. Bambo analandira mkate akundiyang'ana ine. Sanandiyalutse pamaso pa abusa, ndipo ndinkadziwa kuti sangatero, n'chifukwa chake ndinakhalamo.

Chitoliro sanalizenso. Ankati mpweya ukuchepa, ndipo mwina zinali zoona.

Anamwalira mvula yoyamba itangogwa. Maliro awo anali monga ndinafunira. Makwaya atatu, abusa mu mkanjo, amayi a yunifolomu atandanda mbali zonse za msewu mpaka pagolosale. Bokosi linatuluka m'nyumba ndi nyimbo. Anthu ankandigwira dzanja n'kumati Bambo apita bwino, apita ngati mkhristu, ndipo ine ndinkavomera.

Kumanda ndinakhala pansi ndi amayi, kumutu kwa dzenje, pafupi kwambiri moti dothi linkandigwera pachitenje. Abusa atamaliza, amuna anayamba kulandizana mafosholo. Wa matabwa anavula jekete, anapatsira mnzake, n'kutenga fosholo. Kwaya inkaimba nyimbo ya m'buku. Iye anaweramira mbali yanga, ndipo pansi pa kwayayo ndinamva kanthu kena. Kanayambira pamwamba, kanatsika pang'onopang'ono, kanaima, fosholo inalowa m'dothi, kenako mawu atatu apansi. Sankang'ung'udza chabe. Milomo yake inkayenda, ankatchula mawu, koma motsitsa kwambiri moti sindinagwirepo ndi limodzi lomwe. Anaimba mpaka kumapeto, anapereka fosholo kwa wina, n'kukavala jekete lake. Sanandiyang'ane.

Ndaganiza za zimenezi kambirimbiri ndili pa makina. Masiku ena ndimati ankandinyoza, ankafuna ndidziwe kuti akudziwa. Masiku ena ndimati anachita chimene ine ndinawakaniza Bambo, anawaperekeza kwa bambo awo ndi nyimbo yonse, ya mawu ake. Kumufunsa sindingathe. Mkazi sauzidwa zimenezo, ndiponso ndikangofunsa ndiye kuti ndavomera kuti iye sananame.

Kakalata kaja kadakali pansi pa mabobini, sindinakatsegule. Aphunzitsi anandipatsa kope lawo asanabwerere ku Rumphi, ndipo patsamba lomaliza anamatapo envelopu ija, pamwamba pake posalemba kanthu. Wa matabwa akadali mkulu wa mpingo, ndipo Lamulungu lililonse amaima pakhomo la tchalitchi kulonjera anthu. Akandifunsa kuti mwadzuka bwanji amayi, ndimayankha kuti tadzuka bwino, kaya inu, maso anga ali pa chidendene chake.